Kupanga wotchi ya ma relay: kuyambira pa flip-flop imodzi mpaka maola 24

Wotchi ya ma relay (timaswitchi toyendetsedwa ndi magetsi) imadya magetsi kuposa wotchi ya pakhoma, ndipo siisunga nthawi bwino kuposa foni. Ubwino wake ndi wakuti kuwerenga kumachitika poyera. Zomwe chip imachita mwakachetechete mkati mwa kapulasitiki kakuda, pano mumazimva ndi makutu: sekondi ikadutsa kachitsulo kamagunda, mphindi ikatha kugundako kumayenda kuchoka pa bolodi ina kupita pa inzake. Ena mwa makompyuta oyambirira ankagwira ntchito motere. Claude Shannon anaonetsa mu 1937, ali wophunzira pa yunivesite ya MIT ku America, kuti ma relay angathe kuchita masamu a "inde" ndi "ayi", ndipo mu 1941 Konrad Zuse anamaliza makina ake a Z3 ku Berlin, okhala ndi ma relay oposa 2,000. Ife tifuna 47 okha.

Nambala imeneyi isakuopseni. Chinthu chovuta m'ntchito yonseyi ndi chimodzi: flip-flop ya ma relay awiri, yomwe imayaka ikalandira kugunda kwa magetsi kumodzi nkuzima ikalandira kwachiwiri. Mukaimvetsa imeneyo, zotsala ndi kuibwereza ka 20 ndi kuiphunzitsa poti iziima.

Zoti mukhale nazo

Mufunika ma relay ang'onoang'ono a 5V a mtundu wa DPDT, kutanthauza okhala ndi mbali ziwiri zamakontakiti zomwe zimasuntha limodzi. Manambala onse m'malangizo ano ndawerengera pa Omron G5V-2-H1 ya 5V, yomwe koyilo yake ndi ma ohm 167 ndipo imakoka 30mA. Wotchi yonse iyendera 12V. Chifukwa chogwiritsa ntchito relay ya 5V pa magetsi a 12V chidzaoneka tikafika pa flip-flop.

Relay iliyonse ifuna resistor ya ma ohm 220, ya 1W. Gulani ma diode a 1N4007 okwana 100, makapasita 6 a 100µF 25V, ma resistor 6 a ma ohm 22, ma LED 20 ndi ma resistor 20 a 1k. Pambali pa izi pakhale mabatani awiri, switchi imodzi, fyuzi ya 3A, adaputa ya 12V yotha kupereka 3A, multimeter, chowotcherera ndi mabolodi obowolabowola.

Mukapeza relay ya kampani ina, yezani koyilo yake ndi multimeter, kenako chulukitsani nambalayo ndi 1.3. Yankho lake ndiye resistor yanu. Ma relay a galimoto, aja a miyendo yolembedwa 85, 86, 30, 87 ndi 87a, ndi osavuta kuwapeza kwa ogulitsa masipeyala ndipo ndi abwino pophunzirira mmene relay imagwirira ntchito, koma pa wotchiyi asiyeni. Ali ndi mbali imodzi yokha, ndipo iliyonse imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa timarelay tating'onoti.

Za resistor ya 1W musanyengerere. Pa bolodi yanga yoyamba ndinaika timaresistor tating'ono ta kotala ya watt chifukwa ndi timene ndinali nato m'kabokosi. Patangotha ola limodzi m'chipinda munali fungo la utoto wopsa, ndipo nditayang'anitsitsa mizere yofiira ya pa timaresistor tija inali itasanduka yoderako. Pali nthawi imene resistor imeneyi imanyamula yokha pafupifupi 12V yonse, ndipo pamenepo imatulutsa kutentha kopitirira theka la watt.

Yambani mwaidziwa relay yanu

Mkati mwa relay muli koyilo ya waya woonda wozungulira kachitsulo. Magetsi akadutsamo kachitsuloko kamasanduka maginito, nkukoka kamkono kosuntha makontakiti. Mbali iliyonse ili ndi miyendo itatu. COM ndi mwendo wapakati, womwe umasuntha. NC ndi womwe COM imakhudza relay ikakhala chete, ndipo NO ndi womwe imakhudza koyilo ikalandira magetsi.

Pa G5V-2 koyilo ili pa miyendo 1 ndi 16, ma COM pa 4 ndi 13, ma NC pa 6 ndi 11, ma NO pa 8 ndi 9. Ngakhale ndakuuzani, tengani multimeter mutsimikize nokha. Ikani multimeter pomwe imalira mawaya akalumikizana, gwirani COM ndi NC, mumve ikulira. Lumikizani koyilo ku 12V kudzera pa resistor ya 220, mumve kugunda, ndipo kulira kusamukire ku NO. Chitani izi pa relay iliyonse musanaiwotcherere, chifukwa kuchotsa relay yakufa pakati pa mawaya 30 ndi ntchito yotayitsa madzulo onse. Timarelay tina tili ndi koyilo ya + ndi −; ngati tanu tili tero, + akhale ku mwendo womwe pansipa ndikuutcha A.

Flip-flop yoyamba

Ntchito ya flip-flop yathu ndi kugawa pawiri: ikalandira kugunda kuwiri, iyo ipereke kumodzi. Njira imeneyi inkagwiritsidwa ntchito m'makina akale olumikiza matelefoni ku America, ndipo akatswiri kumeneko ankawatcha ma relay awiriwo W ndi Z. Nafenso tisunga mayinawo.

Konzani mizere iwiri ya magetsi, wa +12 ndi wa 0V. Koyilo iliyonse ili ndi miyendo iwiri, tiitche A ndi B. Lumikizani A wa W ndi A wa Z pamodzi. Pokumana pawo tipatche mfundo X. B wa W apite ku 0V kudzera pa resistor yake ya 220, B wa Z nayenso pa resistor yakeyake.

Tsopano waya wobweretsa kugunda, womwe tiutche P. Pakali pano P achokere pa batani lolumikizidwa ku +12. Kuchokera pa P tulutsani ma diode awiri. Yoyamba, D1, ipite ku X, mzere wake wotuwa uyang'ane ku X. Yachiwiri, D2, ipite ku COM ya mbali yoyamba ya Z, mzere wotuwa uyang'ane ku COM. Pa mbali yomweyo ya Z, NC ilumikizidwe ku B wa Z mwiniwake, NO ilumikizidwe ku B wa W. Pa W tengani mbali imodzi: COM ku +12, NO ku X. Pomaliza, pingasani diode pa koyilo iliyonse, mzere wotuwa uyang'ane ku A. Ma diode awiriwa amameza magetsi omwe koyilo imalavula ikamazima, omwe akanati azipsereza makontakiti. Kuti muziona zomwe zikuchitika, ikani LED ndi resistor ya 1k pakati pa A ndi B wa Z, mwendo wautali wa LED ku mbali ya A.

Musanadine batani, gwirani mfundo iyi, chifukwa chinsinsi chonse chagona apa. Migolo iwiri ya madzi yodzaza mofanana mukailumikiza ndi paipi, madzi sayenda. Koyilonso ndi chimodzimodzi: A akakhala pa 12V ndipo B nayenso pa 12V, mu koyilo simudutsa kanthu ngakhale magetsi ali mbali zonse. Resistor ija ndi imene imalola kuti tikweze B kufika pa 12V popanda kugundanitsa + ndi −. Nchifukwa chake relay ndi ya 5V: nthawi zina zonse resistor imadya 7V, koyilo nkutsala ndi 5V yake.

Dinani batani ndipo musalisiye. Magetsi adutsa D1 nkufika pa X. W yagunda, ndipo NO yake yabweretsa +12 pa X, kotero W yadzigwira yokha. Z ili chete, chifukwa D2 yadutsira pa NC nkukweza B wake. LED sinayake.

Siyani batani. X akadali ndi magetsi ochokera kwa W, koma B wa Z wamasuka. Z yagunda, LED yayaka, ndipo COM ya Z yasamukira ku B wa W.

Dinaninso. Ulendo uno D2 yakweza B wa W, ndiye W yagwa nkusiya X. Koma Z sinagwe, ikudyera pa D1 nthawi yonse imene chala chili pa batani.

Siyaninso. X alibenso pochokera magetsi, Z yagwa, LED yazima. Mwabwerera pomwe munayambira.

Mwadina kawiri, mwamva kugunda kunayi, LED yayaka kamodzi nkuzima kamodzi. Bwerezani izi mpaka muzitha kunena, maso ali chitsinzinire, kuti yagundayo ndi W kapena Z. Ikani chala pa relay iliyonse muzimva kunjenjemera kwake. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa wotchi ikadzavuta mtsogolo, makutu ndi amene adzayambe kukuuzani pomwe pali vuto multimeter isanatero. Onaninso kuti W imasintha pamene kugunda kukuyamba, Z imasintha pamene kugunda kukutha. Nambala yathu tiziiwerenga pa Z.

Ikamalira ngati njuchi m'malo mogunda, mwasinthanitsa NC ndi NO pa Z. LED ikayaka nkukana kuzima, yang'anani waya wochoka pa NO ya Z kupita ku B wa W. Ngati W ikugwa mukangosiya batani ulendo woyamba, ndiye kuti kontakiti yake yodzigwirira siinafike pa X.

Ena amachotsa D2 poona kuti flip-flop imodzi payokha imayenda bwinobwino popanda iyo. Musatero. Popanda D2, magetsi a pa B amabwerera m'mbuyo kulowa mu P, ndipo P akadzayamba kudyetsa zinthu zina mudzakhala mukusaka vuto lomwe limabwera pa manambala ena okha.

Kuzilumikiza kuti ziwerenge

Mbali yachiwiri ya Z yakhala ikudikira. Lumikizani COM yake ku +12, ndipo NO yake ikhale P wa flip-flop yotsatira. Pangani zinayi motere, muzitche 1, 2, 3 ndi 4.

LED ya flip-flop yoyamba mtengo wake ndi 1, yachiwiri 2, yachitatu 4, yachinayi 8. Nambala ndi kuphatikiza zomwe zayaka. Mukadina kasanu ziyaka ya 4 ndi ya 1. Mukadina ka 7 ziyaka zitatu zoyamba, ndipo pa 8 mumva kugunda kukuthamanga mzere wonse, zitatuzo zikugwa motsatizana, yachinayi nkudzuka. Zikasiyidwa choncho zimafika pa 15 nkubwerera pa 0. Wotchi sifuna 15.

Kuziimitsa pa 10 ndi pa 6

Apa pafunika relay yachisanu ndi chinayi pa bolodi, yomwe tiitche R, yofufuta. Ntchito yake ndi kuzindikira kuti 10 yakwana, kugwetsa ma flip-flop onse anayi, ndi kutumiza kugunda kumodzi ku bolodi yotsatira.

Choyamba sinthani pang'ono mawaya. Ma COM a ma W onse anayi achotseni pa +12, muwasonkhanitse pa waya umodzi, womwe tiutche mzere wogwirira. Mzere umenewu ulandire +12 kudzera pa mbali yoyamba ya R: COM ku +12, NC ku mzere wogwirira. Ma COM a mbali yachiwiri ya ma Z asakhudzidwe, akhalebe pa +12 weniweni. Mukawaika nawonso pa mzere wogwirira, R izidzidula yokha pakhosi isanamalize kugunda, ndipo izingonjenjemera.

Nambala 10 ndi 8 kuphatikiza 2, kutanthauza Z4 ndi Z2 (Z ya flip-flop 4 ndi ya flip-flop 2) zili zoyaka nthawi imodzi, zomwe sizichitika pa nambala ina iliyonse kuyambira 0 mpaka 9. Z4 ilibe flip-flop yoti idyetse, choncho mbali yake yachiwiri ndi yomasuka. Tengani waya kuchokera pa NO ya mbali yachiwiri ya Z2, upite ku COM ya mbali yachiwiri ya Z4. Kuchokera pa NO ya Z4 dutsani pa diode, kenako pa resistor ya ma ohm 22, mufike pa mfundo yomwe tiitche K. Pa K ikani kapasita ya 100µF, mwendo wa + pa K, wa − pa 0V. Kuchokera pa K pomwepo dutsani pa resistor ya 220 ndi koyilo ya R kupita ku 0V. Mbali yachiwiri ya R: COM ku +12, NO ikhale P wa bolodi yotsatira.

Kapasita imeneyi ndi yofunika kuposa mmene imaonekera. R ikagunda, Z2 ndi Z4 zimagwa, ndipo magetsi omwe anaidzutsa R amatha nthawi yomweyo. Koma pa nthawi imeneyo W3 inali itayamba kale kudzuka, poti Z2 ndi imene imaidyetsa. R ikabweza mzere wogwirira msanga, W3 imagwiranso, Z3 nkutsatira, ndipo wotchi imachoka pa 9 nkulumphira pa 4. Kapasita imadzaza mofulumira kudzera pa ma ohm 22, nkumatsanulira pang'onopang'ono mu koyilo ya R, kuisunga kwa nthawi yochepera pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Nthawiyo imakwanira kuti zonse zigwe. Mukaona 9 ikutsatidwa ndi 4, musamasule china chilichonse musanayese kapasita ndi mmene mwaiwotcherera.

Bolodi ya makumi a masekondi imawerenga 0 mpaka 5, ndiye ifuna ma flip-flop atatu ndi R yake. Nambala 6 ndi 4 kuphatikiza 2, choncho waya wochoka pa Z2 udutse pa mbali yomasuka ya Z3. Zina zonse ndi chimodzimodzi. Mabolodi awiriwa pamodzi ndi ma relay 16, ndipo amapereka kugunda kumodzi pa masekondi 60 aliwonse. Pangani ena awiri ofanana nawo a mphindi.

Maola

Ndimakonda maola 24 chifukwa amayambira pa 00, monga ma flip-flop amachitira akangoyatsidwa. Wotchi ya maola 12 imachoka pa 12 nkupita pa 1, ndipo kuiphunzitsa zimenezo kumadya ma relay ena.

Bolodi ya maola amodziamodzi ndi yofanana ndi ya masekondi: ma flip-flop anayi ndi R yoimitsa pa 10. Ya makumi ifuna ma flip-flop awiri okha. Chatsopano ndi relay yofufuta tsiku, yomwe igunde pa 24. Tengani waya pa NO ya Z3 ya maola amodziamodzi, yomwe imayaka pa 4, udutse pa mbali yomasuka ya Z2 ya makumi, yomwe imayaka pa 20, kenako diode, ma ohm 22, kapasita ndi koyilo monga kale. Mbali zonse ziwiri za relay imeneyi zigwire ntchito yodula. Yoyamba idule mzere wogwirira wa makumi. Yachiwiri iikidwe motsatizana ndi NC ya R ya maola amodziamodzi, kuti iliyonse mwa ziwirizi ikagunda mzerewo uduke.

Tiwerenge: ma flip-flop 20 ndi ma relay 40, ofufuta ndi 6, pamodzi 46. Yotsala imodzi ndi yobweretsa kugunda kwa sekondi.

Kochokera sekondi

Ma relay sadziwa kutalika kwa sekondi. Amangowerenga zomwe apatsidwa, ndipo mukawapatsa sekondi yopunduka adzaiwerenga mokhulupirika mpaka wotchi itataya mphindi khumi pa tsiku. Chip ya 555, yomwe imatha kupanga kugunda, ndi yabwino poyesera mabolodi, koma liwiro lake limasintha ndi kutentha. Mu Okutobala ndi mu Juni siingayende mofanana. Kuwerenga 50Hz ya magetsi a m'nyumba nakonso sindikulangiza. Magetsi akathima sekondi imathima nawo, komanso palibe chifukwa chobweretsera 230V pafupi ndi bolodi imene muzigwira ndi manja.

Gwiritsani ntchito crystal ya 32,768Hz, kachitini kakang'ono kooneka ngati njere ya mpunga komwe kali mu wotchi ya pakhoma iliyonse ya batire. Yakufa ikhoza kukupatsani kaulere. Nambala 32,768 ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 15, choncho mukaigawa pawiri ka 15 mutsala ndi kugunda kumodzi pa sekondi. Ndi ntchito yomweyi ya flip-flop yathu, kungoti liwiro limenelo relay singalithe.

Chip ya CD4060 ili ndi ma flip-flop 14 mkati. Ipatseni 5V kuchokera pa 78L05, kachip kotsitsa 12V kufika pa 5V: mwendo 16 ku 5V, miyendo 8 ndi 12 ku 0V. Pakati pa miyendo 10 ndi 11 ikani resistor ya 10M. Crystal mwendo umodzi upite pa 11, winawo upite pa 10 kudzera pa resistor ya 330k, ndipo mwendo uliwonse wa crystal ukhale ndi kapasita ya 22pF yopita ku 0V. Pa mwendo 3 patuluka kugunda kuwiri pa sekondi. Kugawa komaliza ichite CD4013: mwendo 14 ku 5V, miyendo 7, 4 ndi 6 ku 0V, mwendo 3 ulandire zochokera ku CD4060, mwendo 5 ulumikizidwe ku 2, ndipo sekondi yanu ituluka pa mwendo 1. Miyendo 8, 9, 10 ndi 11 ya theka lomwe simukuligwiritsa ntchito imangirireni ku 0V. Kuchokera pa mwendo 1 dutsani pa resistor ya 4.7k kupita ku base ya transistor ya BC547, emitter ku 0V, collector ku koyilo ya relay yotsala ija, yobweretsa sekondi, yomwe mwendo wake wina ukupita ku +12 kudzera pa 220, ndi diode yopingasa monga mwa masiku onse. COM yake ku +12, NO yake ndiye P wa flip-flop yoyamba, kudzera pa switchi ija.

Chip iliyonse ikhale ndi kapasita ya 100nF pafupi penipeni ndi miyendo yake ya magetsi, ndipo kabolodi aka kakhale patali pang'ono ndi ma relay, ndi waya wakewake wa 0V wochokera pa adaputa. Ma relay akamagunda ambiri nthawi imodzi amasokoneza mzere wa magetsi, ndipo chip ikhoza kuwerenga chisokonezocho ngati kugunda. Ma crystal ambiri amtunduwu amaphonya mozungulira masekondi awiri pa tsiku. Wotchi ikamathamanga, kwezani pang'ono imodzi mwa makapasita a 22pF aja, ikamatsalira, ichepetseni.

Kuonetsa nthawi

Ma LED 20 aja ndi okwanira kale. Atulutseni ndi mawaya pa thabwa lakutsogolo, m'mizere 6 yoimirira, 1 pansi ndi 8 pamwamba. Pakatha sabata maso amazolowera, ndipo ana amakonda kuphunzira kuwerengako msanga kuposa akuluakulu.

Mukafuna manambala enieni, gwiritsani ntchito chip ya CD4511 pa nambala iliyonse, pamodzi ndi chionetsero cha timizere 7 cha mtundu wa common cathode. Chip imeneyi imalola 12V. Zotuluka pa ma Z zipite pa miyendo 7, 1, 2 ndi 6, motsatana ndi 1, 2, 4 ndi 8, ndipo mwendo uliwonse ukhale ndi resistor ya 10k yopita ku 0V, poti kontakiti ikatseguka waya amangolendewera. Miyendo 3, 4 ndi 16 ku +12, miyendo 5 ndi 8 ku 0V, ndipo kamzere kalikonse kakhale ndi resistor ya 1k. Vuto lake ndi lakuti Z yomaliza pa bolodi iliyonse tinaigwiritsa kale ntchito pozindikira poimira. Onjezani relay imodzi pa bolodi: Z yomaliza ipereke +12 monga zinzake, ndipo +12 yomweyo idzutse relay yatsopanoyo, yomwe kontakiti yake itenge ntchito yozindikira. Ma relay akwera kufika pa 53. CD4511 imazimitsa chionetsero ikalandira nambala yoposa 9, choncho pa kanthawi kaja ka 10 mudzangoona kuphethira.

Magetsi ndi kutha kwa ma relay

Flip-flop imodzi imakoka pakati pa 0 ndi 80mA malinga ndi pomwe ili. Wotchi yonse imazungulira pa 1A, ngati babu la 12W loyaka usana ndi usiku, omwe ndi mayunitsi pafupifupi 9 pamwezi. Ikani fyuzi pa waya wa + pomwe akungochoka pa gwero. Magetsi akangothima ngakhale pang'ono, ma relay onse amagwa ndipo nthawi imabwerera pa 00:00:00, choncho njira yabwino ndi kuiyendetsa pa batire lomwe likutchajidwa nthawi zonse, monga la sola. Kabatire ka 7Ah kamaisunga maola ochepa okha. Bokosi likhale ndi mabowo pansi ndi pamwamba kuti mpweya wotentha wa ma resistor uzituluka.

Pa tsiku pali masekondi 86,400. Relay yobweretsa kugunda imagunda ka 86,400 tsiku lililonse, kupitirira mamiliyoni 31 pa chaka, ndipo W ndi Z zoyamba zimagunda theka la nambalayo. Opanga G5V-2 amailonjeza mamiliyoni 15. Choncho ma relay atatu amenewa, pamodzi ndi a flip-flop yachiwiri, aikeni pa masoketi a miyendo 16 kuti akatopa muzingozula nkuika ena. A mphindi ndi a maola adzakhala zaka zambiri osakhudzidwa.

Kuika nthawi ndi kuyesa pakati pa usiku

Batani limodzi lichoke pa +12 kupita pa P wa mphindi imodziimodzi, lina pa P wa maola amodziamodzi. Kudina kulikonse kumaonjeza imodzi. Poika nthawi, zimitsani switchi ya masekondi, dulani magetsi nkuwabweza kuti zonse ziyambire pa 0, dinani mpaka mufike pa mphindi yotsatira, ndipo yatsani switchi foni yanu ikangolowa m'mphindi imeneyo. Yambani ndi mphindi, maola pambuyo, chifukwa mukapitirira 59 ola limaonjezeka lokha.

Musatseke bokosi musanayese malo atatu ovuta. Ikani 09:59 muone ngati ikulowa pa 10:00. Ikani 19:59 muone 20:00, ndipo onetsetsani kuti relay ya tsiku yakhala chete. Kenako ikani 23:59, yatsani masekondi, mukhale pafupi ndi bolodi. Sekondi ya 59 ikatha mumva ma relay ofufuta asanu akugunda motsatizana, lililonse likudikira kapasita ya mnzake ithe: la masekondi, la makumi ake, la mphindi, la makumi ake, kenako LED ya 4 ya maola iphethira kamodzi ndipo relay ya tsiku igwetsa zotsala. Zonsezi zimatenga pafupifupi theka la sekondi, ndipo thabwa lonse lida. Likatsala ndi LED yoyaka pa maola, vuto lili pa kapasita ya relay ya tsiku kapena pa NC yake yomwe munaiika motsatizana ndi ya R. Likada lonse, dikirani LED ya 1 pa mzere wa masekondi iyake, kenako mangani chivindikiro.